Kukaona zipangizo zakale ku myuziyamu: malangizo kwa aphunzitsi, makolo ndi otsogolera magulu

Temu ikamapita kumapeto, funso limabwera lomwelomwelo: tikufuna kupita ndi ana ku myuziyamu, tikonzekere bwanji? Ofunsa ambiri nkhawa yawo imakhala pa galimoto ndi ndalama zolowera. Zimenezo sizivuta. Chimene chimaononga maulendo ambiri chimachitika anthu atalowa kale. Gulu limangodutsa m'nyumba monse kwa mphindi 20, ana n'kutuluka akunena kuti aona makasu ndi miphika yonga ya kwa agogo, kenako n'kuyamba kufunsa za chakudya. Ndalama zapita, phunziro palibe.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukaona zipangizo za ntchito zamanja, zamalonda ndi ziwiya zapakhomo. Chitsanzo chachikulu ndi myuziyamu ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, koma njira yake ndi imodzimodzi kulikonse.

1. Sankhani malo molingana ndi chimene mukufuna kuona

Ku Chichiri ndiye kuli zinthu zamitundumitundu: zachitsulo, zadothi, zoluka, zoimbira, ndalama zakale, za malonda a ukapolo, ndiponso zamayendedwe zimene zinaikidwa panja. Myuziyamu imeneyi inayambira m'nyumba ya Mandala, n'kusamukira m'nyumba ya ku Chichiri mu 1966. Mukakwera minibasi ya pakati pa Blantyre ndi Limbe yodzera mu msewu wa Masauko Chipembere, tsikirani pa Chichiri n'kufunsa njira ya ku Civic Centre. Myuziyamu ili chapafupi pomwepo.

Ngati mutu wanu ndi usodzi ndi maulendo a panyanja, pitani ku Lake Malawi Museum ku Mangochi. Ngati ndi makalata, kuli kanyumba ka Mtengatenga ku Namaka, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kumene ankapumulirako anthu onyamula matumba a makalata wapansi. Kumpoto kuli myuziyamu ya Mzuzu ndi ya Karonga. Ya Karonga imatchuka ndi mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur, koma mulinso zida zamiyala za anthu akalekale. Ku Mua, m'boma la Dedza, myuziyamu ya Chamare imaonetsa kwambiri miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. N'koyenera kupitako, koma wofuna zipangizo za mmisiri asayambire kumeneko.

Musakonze malo awiri pa tsiku limodzi. Kwachiwiriko anthu amangokhala pansi pa mtengo.

2. Dziwitsani a ofesi pasadakhale

Kwa banja kapena anthu atatu anayi, kungofika palibe vuto. Gulu la sukulu lilembe kalata kukadali sabata ziwiri, kapena mphunzitsi mmodzi apiteko yekha. M'kalatamo tchulani tsiku, chiwerengero cha ana ndi akuluakulu, kalasi yawo, ndi mutu umene mukuphunzira. Mutuwo ndiye wofunika kwambiri. Mukangoti tikubwera kudzaona, woonetsa alendo adzakuyendetsani njira yake ya masiku onse, pang'ono apa pang'ono apo. Mukati tikuphunzira kusula zitsulo ndi kuumba mbiya, adzadziwa poima nthawi yaitali.

Funsani pomwepo nthawi yotsegulira, mtengo wolowera wa ana ndi wa akulu, komanso ngati kujambula n'kololedwa. Mitengo imasintha, choncho musadalire zimene anakuuzani mnzanu amene anapitako chaka chatha. Sankhani m'mawa pakati pa sabata. Lachisanu chakumapeto kwa temu sukulu zimathithikana, ndipo mawu a woonetsa alendo samveka.

3. Zonyamula, ndi munthu woti mumutenge

Mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo. Inu mutenge rula kapena tepi yoyezera, ndalama zosinthasintha zolipirira pakhomo, ndi madzi akumwa amene mudzawasiye panja polowa. Wamkulu mmodzi ayang'anire ana osapitirira 10. Akaposa pamenepo, akumbuyo saona kanthu.

Chachikulu pa zonse: tengani munthu wachikulire amene anakulira kumudzi. Akhale agogo a mwana wina, mlonda wa pasukulu, mayi wa m'komiti, aliyense amene anasinjapo pa mtondo kapena kuona wosula akugwira ntchito. Timapepala tofotokoza zinthu m'myuziyamu timakhala tachidule, tambiri ta m'Chingerezi, ndipo timangonena dzina la chinthu ndi kumene chinachokera. Sitinena kagwiridwe kake, kulemera kwake m'manja, kapena chimene chinkathyoka msanga. Zimenezo amadziwa ndi amene anachigwiritsapo ntchito. Muwauziretu agogowo kuti mukuwatengera chiyani, chifukwa akapanda kuuzidwa adzangoyenda kumbuyo mwaulemu osanena kanthu, poganiza kuti kumalo a ophunzira iwo alibe mawu.

4. Zungulirani kamodzi mwachangu

Yambani panja. Ku Chichiri kuli sitima yakale yoyendera nthunzi ndi magalimoto akale, komanso nyumba ya ndiwula yoonetsa kamangidwe ka makolo. Ana amathamangira zimenezi, ndipo mukawakaniza poyamba, m'katimo mitima yawo imakhala ili panja. Apatseni mphindi 15 aone, muwauzeko kuti njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kenako lowani.

M'kati dutsani monse osaima kwambiri, mphindi 15 zinanso. Mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981 udzawakopa, aone, mupitirire. Cholinga cha ulendo woyambawu n'chakuti kagulu kalikonse kasankhe zinthu zitatu zokha zoti kabwererepo. Zitatu, osati khumi.

5. Imani pa chinthu chimodzi n'kuchiwerenga

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pali ntchito yonse. Chipangizo chakale chili ndi zizindikiro pathupi pake zosonyeza amene anachipanga ndi amene ankachigwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chinthu chimodzi chipatseni mphindi 10, ndipo kapepala kake muwerenge pomaliza. Mukayamba ndi kapepala, maso amakhuta dzina n'kuleka kuyang'ana.

Mafunso ake ndi awa, motsatana. Chinapangidwa ndi chiyani? Zigawo zake zinalumikizidwa bwanji? Chatha pati, chasalala pati, chada pati? Ankachigwira ndani, ataima kapena atakhala? Nanga lero ntchito imeneyi ikugwiridwa ndi chiyani? Mwana ajambule chinthucho m'kope ndi pensulo, ngakhale sadziwa kujambula, chifukwa dzanja likamajambula maso amakakamizika kuona polumikizira. Ayeze utali wake kuchokera kunja kwa galasi n'kulemba.

Tiyambe ndi khasu, poti ndi limene anthu amalinyoza kuti kwathu liliko. Yang'anani kumbuyo kwake. Khasu losulidwa ndi manja lili ndi msuka, kachitsulo kosongoka kolowa mumpini. Mpini wake amasankha mtengo wokhala ndi mutu wonenepa kumapeto, n'kuboola mutuwo ndi chitsulo chamoto kuti msuka ulowe mothina. Mutu wa mpini ukakhala wochepa umang'ambika, khasu n'kuguluka. Kenako onani nkhope ya khasulo: losula limakhala ndi timaenje ta nyundo, makulidwe ake osafanana, pamene la kufakitale ndi losalala ndipo kawirikawiri lili ndi chidindo cha kampani. Onaninso kukamwa kwake. Likakhala lalifupi, lozungulira, latha ndi dothi, ndiye kuti linalimadi zaka zambiri. Likakhala lalikulu bwinobwino losaphwanyika paliponse, funsani woonetsa alendo ngati linalimapo, chifukwa kale makasu ankagwiranso ntchito ngati ndalama posinthana ndi mchere, nsalu kapena ziweto.

Pafupi ndi makasu pamakhala nkhwangwa ndi nsompho, ndipo ana amaziyesa chinthu chimodzi. Kusiyana kwake kuli pa kaikidwe. Kukamwa kwa nkhwangwa kumatsata mpini, n'chifukwa chake imadula ndi kuwaza. Kukamwa kwa nsompho kumapingasa mpini monga khasu, n'chifukwa chake imasema, kukumba m'kati mwa mtondo kapena bwato. Kasemasema ndi kakang'ono kake, ka ntchito yomalizitsa monga zipande, mithiko ndi mipini. Mwana akazindikira yekha kusiyana kumeneku osauzidwa, mwapindula kale.

Ndiye funsani kuti chitsulocho chinkachokera kuti, mupite pa ng'anjo ndi mvukuto. Pano anthu amasokoneza ntchito ziwiri. Kuyenga ndi kutulutsa chitsulo m'miyala. Kusula ndi kuchiumba kuti chikhale khasu. Kuyenga kunkachitikira m'ng'anjo yomangidwa ndi dothi, kutali ndi mudzi, ndipo kunali ndi miyambo yake yoletsa. Ankasanjikiza makala ndi miyala yokhala ndi chitsulo, mpweya n'kumalowa kudzera m'timipope tadothi tozikidwa m'munsi. Ng'anjo zazitali zonga za ku Kasungu zinkakoka mpweya zokha popanda kuvukuta. Chotuluka sichinali chitsulo chosungunuka choyenda ngati madzi, ayi. Chinali chibuma chokhakhala chosakanikirana ndi zinyalala za miyala, choti achitenthenso ndi kuchimenya kambirimbiri pa chipala mpaka zinyalalazo zitachoka. Mukamvetsa zimenezi mudziwa chifukwa chake khasu linali chuma, ndi chifukwa chake likatha silinkatayidwa koma kusulidwanso kukhala kasemasema, mpeni kapena muvi. Makasu a kunja ndi zitsulo zotha za magalimoto ndi njanji zitachuluka, ng'anjo zinazima, koma chipala chinatsala. Osula alipobe m'misika mpaka lero.

Pa mvukuto werengani matumba ake. Nthawi zambiri amakhala awiri, achikopa cha mbuzi. Afunseni ana chifukwa chake, ndipo musafulumire kuwayankha. Wovukuta amapanikiza thumba limodzi pamene linalo likudzaza mpweya, kuti moto usapume. Kumapeto kwake, kumene kumakhudza makala, kumakhala kampope kadothi, chifukwa mtengo kapena chikopa zikanapsa.

Zoumba nazo muziwerenge chimodzimodzi, ndipo pano agogo aja alankhule. Musalole ana kulemba kuti mphika pa chilichonse chadothi. Mtsuko uli ndi khosi lopapatiza kuti madzi asakhavukire pamutu pochokera kudambo. Mphika wandiwo ndi wotambalala kukamwa, pansi pake pakuda ndi mwaye. Nkhali ndi yaikulu, yophikira gulu. Mbiya ndi ya mowa kapena yosungira. Mkhate ndi wosambira, ndipo uli ndi ulemu wake m'banja umene agogo angasankhe kufotokoza kapena ayi malinga ndi msinkhu wa ana. Kuti mudziwe ntchito ya chiwiya, onani zinthu zitatu: kukula kwa kamwa, mwaye, ndi pansi pake. Pansi pozungulira pamakhazikika bwino pa mafuwa atatu kapena pa nkhata, koma patebulo sipakhala. Yang'anani m'kati ngati mukuoneka mizere ya zala, poti zoumba zathu sizinkapangidwa pa makina ozungulira; woumba ankamanga ndi manja n'kusalaza ndi kamwala. Madontho akuda apo ndi apo kunja kwa mtsuko wosaphikira si mwaye, ndi zipsera za moto wootchera, pamene nkhuni kapena makungwa zinagunda dothi.

Mukaona mapale osweka m'galasi, musawapitirire. Akatswiri ofukula zakale amadziwa zaka za malo poona mizere yokongoletsa pakamwa pa mapale, ndipo mitundu yake anaitcha maina a malo amene inapezeka: Nkope, Kapeni, Mawudzu. Ya Nkope ndi ya alimi oyambirira kusula chitsulo m'dziko muno. Ya Mawudzu ndi ya m'nthawi ya Amaravi.

Mphero ndi mtondo muzione pamodzi. Mphero ndi mwala waukulu wolowa pakati, ndi kamwala kake kopererako, ndipo inkagwira ntchito kwambiri pa mapira ndi mawere. Kulowa kwa pakatipo sikosema, ndi kutha kwa mwala chifukwa cha zaka za kupera munthu atagwada. Pa mtondo, agogo atchule ntchito zonse motsatana: kukonola, kupeta ndi lichero kuchotsa gaga, kuviika mphale, kutsuka ndi kuyanika, kutibula, kusefa. Ana awerenge masiku amene ufa woyera unkatenga chigayo chisanabwere, n'kufunsa kuti ntchito yonseyo inali pa mutu pa yani.

Zoluka ndi zausodzi mungadutse msanga ngati nthawi yatha, koma mono musausiye. Mwana aloze polowera nsomba, kenako afotokoze chimene chimailetsa kutuluka. Kamwa yake inalukidwa yolowa m'kati, yonka nichepa, nsonga zake zitaloza m'kati momwemo.

6. Lumikizani zipangizo ndi malonda

Mukatha kuwerenga zinthu zitatu zija, funsani kuti zinkapita kuti. Mudzi uliwonse sunali ndi ng'anjo, mtapo wa dothi labwino kapena mchere, choncho zinthu zinkayenda. Amang'anja a ku chigwa cha Shire ankadziwika ndi nsalu zathonje zoomba okha, mchere ndi zitsulo. Nsalu za m'sitolo zisanafale, ambiri ankavala nyanda, khungwa la mtengo monga mombo losasanthidwa mpaka kufewa. Mukaiona, funani mizere imene chomenyera chinasiya. Mikanda yagalasi sinkapangidwa kuno. Inkachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, kudzera m'madoko monga Kilwa ndi Quelimane. Ku Mankhamba, likulu la Amaravi pafupi ndi Mtakataka, ofukula anapeza mikanda yotere pamodzi ndi zidutswa za mbale za ku China.

Njira zomwezo zinanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Pa goli, unyolo ndi mfuti za gogodela, gulu likhale chete, ndipo musalole mwana kuseweretsa nkhaniyi kapena kujambulitsa akuseka. Goli ndi mtengo wa mphanda umene unkaikidwa m'khosi mwa kapolo n'kutsekedwa ndi kachitsulo kuti asathawe paulendo. Fotokozani mosabisa, mutchule ochita malonda a akapolo monga Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga; Mloziyu anagonjetsedwa mu 1895. Ana a makalasi ang'onoang'ono muwafotokozere mwachidule.

Pa ndalama zakale pali masamu abwino. Tiki inali mapeni 3, sikisi mapeni 6, sheleni mapeni 12, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Peni ya m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inali yoboola pakati, anthu n'kumaitunga pa chingwe. Kwacha inayamba mu 1971, paundi imodzi n'kusinthidwa ndi K2, kutanthauza kuti sheleni inasanduka 10 tambala. Apatseni ana asinthe mitengo iwiri itatu, agogo anene chimene tiki inkagula.

Zinthu za m'sitolo monga simbi yamakala, makina osokera opukusa ndi dzanja, galamafoni ndi sikelo muziwerenge ndi mafunso omwe aja. Simbi ili ndi timabowo m'mbali. N'ta mpweya, kuti makala asazime, ndipo n'chifukwa chake wosita ankaiyendetsa m'mwamba uku ndi uku.

7. Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugwira. Chinthu chikakhala poyera popanda galasi sindiye kuti n'chogwira. Thukuta la m'manja lili ndi mchere umene umadyetsa chitsulo dzimbiri, ndipo dengu kapena chikopa cha zaka zambiri chimaoneka cholimba koma chimafumbutuka. Ngati pali zololedwa kugwira, woonetsa alendo adzanena yekha.

Kujambula chilichonse ndi foni. Mumabwerako ndi zithunzi 200 zonyezimira galasi, osadziwa kuti ichi n'chiyani. Mukaloledwa, zimitsani fulashi, imani chammbali pang'ono kuti kuwala kusabwerere, jambulani chinthu kenako kapepala kake nthawi yomweyo. Pa zinthu za Gule Wamkulu funsani kaye, ndipo ana asazitchule maina achipongwe; m'gulu mwanu momwemo muli ena amene kwawo zimenezi n'zolemekezeka.

Kukangana pa maina. Agogo akati kwathu sititero, pamene kapepala kanena zina, lembani onse awiri pamodzi ndi dera lake. Chiwiya chimodzi chimatchedwa mosiyana ku Ntchisi, ku Mangochi ndi ku Nsanje. Muwauzenso a myuziyamu, amazifuna.

Kuphunzitsa ana kuti zakale zonse zinali zaumbuli, kapenanso kuti zonse zinali zabwino kuposa zalero. Zonse ziwiri n'zaulesi. Mtsuko umaziziritsa madzi popanda magetsi chifukwa dothi lake limatuluka thukuta, koma ndi wolemera ndipo ukagwa watha, n'chifukwa chake amayi anasankha ndowa. Mwana anene pa chinthu chilichonse chimene chinapindulidwa ndi chimene chinatayika pamene chatsopano chinabwera.

Kukhalitsa. Maola awiri akwana. Kupitirira apo palibe chimene chimalowa.

8. Mukabwerera kwanu

Tsiku lotsatira, zisanaiwalike, kagulu kalikonse kaonetse zojambula zake n'kufotokozera anzawo chinthu chimodzi. Kenako mwana aliyense akafufuze kwawo chipangizo chimodzi chimene chinaleka kugwira ntchito, alembe dzina lake, mwini wake, amene anachipanga kapena kumene chinagulidwa, ndi chaka chake ngati chikukumbukika. Ngati pafupi pali wosula, woumba kapena woluka malichero, mupempheni gulu lidzamuonere, ndipo mumulipire nthawi yake.

Ntchito imeneyi imatulutsa zinthu m'nkhokwe ndi kuseri kwa nyumba, ndiye dziwani chochita nazo. Chachitsulo musachikwechese ndi sandipepa kapena kuchipaka penti. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma n'kuchisunga pouma. Chamtengo musachipake vanishi, ndipo mukaona ufa ukugwa m'timabowo ndiye kuti muli anankafumbwe, chipatuleni kwa zinzake. Mtsuko wosweka musaumate ndi simenti. Kulungani mapale ake onse pamodzi. Kapepala ka mbiri yake kamangirireni ndi ulusi, osalemba pa chinthu chenichenicho.

Mukapeza mapale ambiri, mikanda, mafupa kapena zotsala za ng'anjo polima kapena pokumba maziko, lekani kukumba pamalopo ndipo musatole. Kwa ofukula zakale, kuya kwake ndi zimene zagona pafupi n'zimene zimanena zaka, ndipo mukazisuntha umboniwo wafafanizika. Jambulani zili pomwepo, dziwitsani amfumu, kenako nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala zakale. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula kapena kutulutsa zinthu zotere kunja kwa dziko popanda chilolezo, choncho wina akabwera ndi ndalama kuti agule, mutumizeni ku ofesi yomweyo.